Ati Volvo ndi ya Matchaina? Nkhani ya Geely pa gulu la okonda galimoto

Chisale wa ku Midrand: Akuluakulu, mwaswera bwanji nonse. Ndithandizeni kaye musanayambe kundiseka. Ndapeza Volvo XC40 ya kaunjika kuno, sinayende kwambiri, ndipo ndimati ndikalipire Loweruka. Ndiye mnzanga wa kuntchito wandiuza kuti ndikukagula galimoto ya Matchaina. Ine chibadwire ndimadziwa kuti Volvo ndi ya ku Sweden. Akundinamiza kapena ndine wotsalira?

Kabaza Original: Hahaha bwana mwapeza fong kong yovala suti ndi tayi

Admin: Kabaza, funso lafunsidwa mwaulemu. Tiyankhe mwaulemu.

Tadala Hangzhou: A Chisale, mnzanuyo sakunama, koma sananene zonse. Kampani ya Volvo yopanga galimoto zing'onozing'ono idagulidwa mu 2010 ndi kampani ya ku China yotchedwa Geely. Adaigula kwa Ford, ndipo mtengo womwe adagwirizana udali madola 1.8 biliyoni. Likulu la Volvo likadali ku Gothenburg ku Sweden, mainjiniya ambiri ndi a komweko, koma mwini wamkulu ndi Geely. Likulu la Geelyyo lili ku Hangzhou, mzinda womwe ine ndidaphunzirako, n'chifukwa chake nkhaniyi ndimaidziwa. Volvo ya malole ndi mabasi ndi kampani ina payokha, musasokoneze, ngakhale nakonso Geely idagulako masheya.

Chisale wa ku Midrand: Geely yomwe ija ya tigalimoto ta maso ozungulira timene tinkayenda kuno zaka za m'ma 2012? Tinkatchedwa LC. Iyoyo ndiyo idagula Volvo? Ayi achemwali, musandipweteketse mutu.

Tadala Hangzhou: Yomweyo. Kwawo kagalimoto kameneko dzina lake kadali Panda, ndiye maso mukunenawo.

Malume a Garaji Ndirande: Ine ndagwira sipanala zaka zoposa makumi atatu. Geely ndidaimva koyamba ngati nthabwala. Mwana wa mlongo wanga adandionetsa chithunzi cha galimoto yawo ina yomwe adatengera Rolls-Royce, mphuno yake yomweyo, kachidole ka pabonetinso komweko. Ndidati anthu awa manyazi alibe. Ndiye lero mukundiuza kuti ndi mabwana a Volvo. Dziko lapita.

Tadala Hangzhou: Malume, imeneyo idali Geely GE, adaionetsa ku chionetsero cha galimoto ku Shanghai mu 2009. Kumbuyo idali ndi mpando umodzi wokha, ngati wa mfumu. Dziko lonse lidaseka ndithu. Koma chaka chotsatira munthu wosekedwayo ndiye adasaina pepala logula Volvo. Ndiloleni ndiyambire patali, chifukwa munthu wake ndi wodabwitsa kuposa galimoto zake.

Dzina lake ndi Li Shufu, adabadwa mu 1963 ku Taizhou m'chigawo cha Zhejiang, mwana wa alimi. Bizinesi yake yoyamba idali yojambula anthu zithunzi, monga ankachitira anyamata athu aja oyenda ndi kamera panjinga m'midzi. Mu 1986 adayamba kupanga zipangizo za mafiriji, kenako mafiriji enieniwo. Chaka chimenecho ndi chomwe Geely imawerenga ngati chaka chobadwa. Mu 1989 boma lidasankha mafakitale ololedwa kupanga mafiriji, yake sidali pamndandanda, basi bizinesi idathera pomwepo. Adalowa m'zipangizo zokongoletsera nyumba, kenako cha m'ma 1994 njinga zamoto. Galimoto adayamba kuziganizira mu 1997, ndipo yoyamba, yotchedwa Haoqing, idatuluka pa 8 Ogasiti 1998 ku Linhai. Tsikulo silidangosankhidwa, kwa Matchaina 8 ndi nambala yamwayi. Dzina loti Geely lenilenilo limachokera ku mawu achitchaina otanthauza mwayi.

Kabaza Original: Ndiye kuti munthu wa njinga zamoto atha kufika patali eti. Admin lembani dzina langa, tsiku lina ndidzagula Toyota yonse

Aphunzitsi Opuma Zomba: Mwana wanga, amene uja ankapanga njinga. Iwe umangokwera. Pali kusiyana.

Kabaza Original: Aphunzitsi mwandipha ndili moyo

Malume a Garaji Ndirande: Haoqing imeneyo adaipanga yekha kapena adangotengera? Tiuzeni zoona mayi, musamukometsere.

Tadala Hangzhou: Adatengera, Malume, palibe chobisa. Maonekedwe ake adali a Xiali, galimoto yomwe inkapangidwa ku Tianjin ndi chilolezo cha Daihatsu. Kunena mwachidule, idali Daihatsu Charade ya dzina lina. Ndipo iyeyo ankanena poyera kuti galimoto si chinthu chovuta, ndi matayala anayi ndi masofa awiri basi. Mawu amenewa adamutsatira zaka zambiri, anthu ankamuseka nawo.

Koma vuto lake lalikulu silidali injini, lidali chiphaso. Nthawi imeneyo ku China kupanga galimoto kudali kwa makampani a boma okha, ogwirizana ndi azungu kapena Ajapani. Volkswagen idali ndi anzake ku Shanghai ndi ku Changchun, mwachitsanzo. Munthu wamba sankaloledwa. Ndiye Li adalowera pawindo: adagwirizana ndi kafakitale kena ka ndende ku Deyang m'chigawo cha Sichuan, komwe kadali ndi chiphaso chopangira timabasi, n'kumagwiritsa ntchito pepala limenelo. Ankadandaulira akuluakulu a boma kuti amupatse mpata ngakhale wolephera womwe, poti ndalama zomwe zitayike ndi zake osati za boma. Chiphaso chenicheni adachipeza mu Novembala 2001, kutangotsala milungu yochepa kuti China ilowe mu WTO, bungwe loona za malonda a pakati pa mayiko.

Aphunzitsi Opuma Zomba: Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Koma ine ndikufuna ndiyankhe Malume pa nkhani ya kutengera, chifukwa timaiwala msanga. Toyota yomwe timaigwadira ku Malawi kuno idayamba ngati kampani yopanga makina oombera nsalu. Galimoto yawo yoyamba, Model AA ya 1936, thupi adaonera kwa Chrysler Airflow ya ku America, injini adaonera kwa Chevrolet. Nissan m'zaka za m'ma 1950 inkapanga Austin ya Angerezi ndi chilolezo. Hyundai itatulutsa Pony mu 1975, injini idali ya Mitsubishi ndipo wotsogolera ntchitoyo adali Mngerezi wochokera ku British Leyland. Ine ndikukumbuka makolo athu akunyoza katundu wa ku Japan monga tikunyozera wa ku China leromu. Mwana aliyense amaphunzira kulemba poonera zilembo za mphunzitsi pabolodi. Funso ndi lakuti akafika Sitandade 8 akuonerabe kapena walemba zake.

Malume a Garaji Ndirande: Aphunzitsi, zoonerazo sindikukana. Ngakhale ife kugarajiko timaphunzira choncho. Chomwe ndimadana nacho ndi kuonera maonekedwe okha, chitsulo n'kukhala cha chitini cha sadini. Chikomekome cha nkhuyu. Ndidalandirapo galimoto ina ya ku China pagaraji panga, dzina sinditchula ndipo sidali ya kampani tikukambayi. Mwini wake adaibweretsa kuchokera ku Joni akunyada. Chidafa ndi kapampu ka madzi chabe. Tidasaka Limbe yonse, tidaimbira anzathu a ku Lilongwe, tidafunsa ku Chipata, kulibe. Galimoto idakhala pansi pa mtengo wa mango miyezi isanu, nkhuku mpaka zidaikiramo mazira. Ikadakhala Corolla, kapampu kameneko mwana akadakagula pamsika ndisanamalize kumwa tiyi.

NaPhiri Coventry: Malume nkhani ya nkhukuyo mwandiseketsa ndili pa basi, azungu akundiyang'ana. Koma ndionjezereko. Matakisi akuda aja a ku London, omwe mumawaona pa TV, amapangidwa pafupi ndi kuno komwe ndimakhala, pamalo otchedwa Ansty. Fakitale yake ndi ya Geely yomweyo. Kampani yakale yomwe inkawapanga, Manganese Bronze, idagwa, Geely n'kuigula mu 2013, ndipo fakitale yatsopanoyo idatsegulidwa mu 2017. Tsopano imatchedwa LEVC, matakisi ake amayendera batire ndipo ali ndi kainjini ka petulo kotchaja. Coventry kale udali mzinda wa galimoto, mafakitale ambiri adatsekedwa. Ndiye tangoganizani, Mngerezi akukwera takisi yomwe amati ndi chizindikiro cha dziko lake, mwini wake ndi munthu wa mafiriji uja.

Chisale wa ku Midrand: Koma ine funso langa likadali pomwepo. Munthu wopanga galimoto zotchipa akagula kampani ya galimoto zodula, sachepetsa chitsulo kuti apeze phindu? Ndikuopa kugula dzina lokha.

Gondwe wa Sienta: Funso limeneli ndiye lenileni. Ine ndimaitanitsa galimoto ku Japan kudzera ku Dar, ndi ntchito yanga, ndiye mwina munena kuti ndikuteteza nsima yanga. Koma kumbukirani kuti mu 2010 momwemo, chaka chogula Volvo, Geely CK idayesedwa pa ngozi ndi bungwe la Latin NCAP ndipo sidapeze nyenyezi ngakhale imodzi pa chitetezo cha akuluakulu. Ziro. Pomwe Volvo ndi kampani yomwe injiniya wake, Nils Bohlin, adatulukira lamba wa pampando yemwe tonse timamanga lero, mu 1959. Zili ngati wogulitsa kachasu wagula fakitale ya mankhwala. A Chisale akuopa zoona.

Tadala Hangzhou: A Gondwe, za CK mwanena zoona. Ndipo mantha amenewo adaliponso ku Sweden, mabungwe a antchito ankaganiza kuti makina onse azulidwa kupita ku China. Koma tiyeni tione zomwe zidachitika osati zomwe zinkaopedwa. Ford idagula Volvo mu 1999 ndi madola 6.45 biliyoni, ndipo pofika 2008 Ford yomweyo idali pamavuto a zachuma, ikugulitsa ana ake onse a ku Ulaya: Aston Martin idapita, Jaguar ndi Land Rover zidapita kwa Tata ya ku India, Volvo ndiyo idatsala. Li atagula adanena kuti Geely ndi Geely, Volvo ndi Volvo, ndipo adafanizira Volvo ndi kambuku yemwe ayenera kumasulidwa abwerere kuphiri. Adasiya oyang'anira a ku Ulaya aziyendetsa, iye n'kumasaka ndalama. Volvo idapanga injini zake zatsopano ndi tchesisi chake chatsopano, XC90 yachiwiri ija n'kutuluka. Mu 2019 adagulitsa galimoto zoposa 700,000 m'chaka chimodzi, pafupifupi kuwirikiza kawiri zomwe ankagulitsa nthawi yogulidwa. Adatsegula mafakitale ku China, inde, ku Chengdu ndi ku Daqing, komanso ina ku South Carolina ku America.

Phindu la Geely lidabwera mwa njira ina. Mu 2013 adatsegula malo a kafukufuku ku Gothenburg komweko, otchedwa CEVT, mainjiniya a mbali zonse ziwiri n'kupanga limodzi tchesisi chotchedwa CMA. XC40 mukufunayo, a Chisale, yakhala pa tchesisi chimenecho. Galimoto za Lynk & Co, dzina lomwe adayambitsa mu 2016, zakhala pomwepo, ndi za Geely zina zomwe. Ndiye chitsulo cha Volvo sichidatsike kuti chifanane ndi cha Geely. Cha Geely ndicho chidakwera.

Gondwe wa Sienta: Ndiye mwavomera kuti nzeru adachita kugula.

Tadala Hangzhou: Adagula sukulu, koma m'kalasi adalowa yekha. Ndipo kusintha kudayamba Volvo isanabwere. Mu 2007 adalengeza ku Ningbo kuti asiya kupikisana ndi mtengo wotsika, ndipo galimoto zakale zija, Haoqing ndi zinzake, adasiya kuzipanga. Mu 2009 adagula DSI, kampani ya ku Australia yopanga magiyabokosi a otomatiki. Emgrand EC7 yomwe idatuluka chaka chomwecho idapeza nyenyezi zinayi kwa Euro NCAP mu 2011. Kuchoka pa ziro wa CK kufika pa zinayi, ndi bungwe la ku Ulaya lomwe silikondera Mtchaina.

Aphunzitsi Opuma Zomba: Ine pamenepa ndili pakati. A Gondwe akunena ngati kugula nzeru n'kulakwa. Ife timalipira fizi chifukwa chiyani? Anthu ambiri ali ndi ndalama koma akagula chinthu chabwino amachiononga. Taonani Saab, mnzake wa Volvo wa ku Sweden komweko. General Motors itaisiya idagulidwa ndi kampani ina yaing'ono ndipo mu 2011 idagwa, lero kulibe. Volvo ilipo. Mwini wake adadziwa kuti ng'ombe ya mkaka suiphunzitsa kudya msipu.

Kabaza Original: Ine ndangomva kuti Toyota idatengera Geely kukhoti, zoona?

Tadala Hangzhou: Zoona. Chidali chifukwa cha chizindikiro cha pa galimoto yawo ina yotchedwa Meiri, chomwe Toyota inkati chikufanana ndi chawo. Mu 2003 khoti la ku Beijing lidagamula mokomera Geely.

Gondwe wa Sienta: Khoti la kwawo. Mlandu wa mbuzi woweruza n'kukhala fisi.

Admin: A Gondwe, tisalowe ndale za mayiko a eni.

NaPhiri Coventry: Inenso ndisamangoyamika. Achemwali a Tadala, kuguliratu chilichonse kumeneku sikudzawagwetsa? Lotus ndi yawo kuyambira 2017, ndipo kuno nkhani za kuchotsa anthu ntchito ku Lotus timazimva pawailesi. Ku Aston Martin ali ndi masheya. Mu 2018 Li adagula pafupifupi 10 peresenti ya Daimler, eni ake a Mercedes-Benz, Ajeremani n'kudzidzimuka. Galimoto za Smart akupanga limodzi ndi Benz. Kuonjezera Polestar, Zeekr, ndi mayina ena omwe sindingawatchule bwino. Munthu wa mitala yochuluka chonchi nyumba zina zimagona ndi njala.

Tadala Hangzhou: Pamenepo sindikutsutsani mayi. Matenda amenewa adawadwalapo kale. Cha m'ma 2009 adagawa galimoto zawo m'mayina atatu, Emgrand, Gleagle ndi Englon, ogula n'kusokonezeka, malonda n'kutsika. Mu 2014 adabweza zonse ku dzina limodzi la Geely. Atatero, ndi Mngerezi Peter Horbury yemwe adachokera ku Volvo akutsogolera zojambula, adatulutsa Borui mu 2015 ndi Boyue mu 2016, ndipo mu 2017 adagulitsa galimoto zoposa 1.2 miliyoni. Kenako adayambiranso kuchulukitsa mayina. Posachedwapa ayambanso kuphatikiza, Zeekr ndi Lynk & Co aziika pamodzi. Akuoneka kuti phunziro limeneli amaliphunzira kawirikawiri. Komanso kwawoko mpikisano ndi woopsa, kampani ina ya komweko yotchedwa BYD yawapanikiza pa galimoto za magetsi, mitengo ikungotsitsidwa.

Malume a Garaji Ndirande: Zonsezi ndamva, ndipo munthuyo ndamuvulira chipewa. Koma tibwere kumudzi. Bwanji m'misewu yathu muli Sienta, Vitz, Mira, Freed, koma galimoto zing'onozing'ono za ku China n'zowerengeka? Malole a Howo ndi Shacman adzaza, njinga za kabaza pafupifupi zonse n'zawo, mafoni ndi awo. Galimoto ya banja bwanji?

Gondwe wa Sienta: Yankho lili pa chiwongolero, Malume. Ife sitigula galimoto zatsopano, timagula za kaunjika. Japan amayenda kumanzere ngati ife, chiwongolero kumanja, ndipo malamulo awo oyeza galimoto ndi okhwima ndi odula, ndiye anthu amagulitsa galimoto ikadali yabwino. Ife timangotola. China amayenda kumanja, chiwongolero kumanzere. Kaunjika wawo ngakhale atachuluka bwanji, sakutikwana. Ndipo masipeya amatsata kuchuluka kwa galimoto. Wamalonda sangasunge kapampu ka galimoto yomwe m'dziko muno zilimo khumi.

Tadala Hangzhou: N'chifukwa chake nkhani ya Proton ndi yofunika kwa ife kuposa ya Volvo. Mu 2017 Geely idagula 49.9 peresenti ya Proton, kampani ya galimoto ya ku Malaysia. Ku Malaysia amayenda kumanzere ngati ife. Boyue ija adaisandutsa Proton X70 ya chiwongolero cha kumanja. Kuyambira pamenepo akhala ndi fakitale ndi luso lopangira mayiko ngati athu. Proton idabwereranso ku South Africa ndi galimoto zomwezo. Ndipo mu 2023 China idaposa Japan pa kutumiza galimoto kunja.

Chisale wa ku Midrand: Zimenezo ndikuziona ndi maso. Kuno Haval ndi Chery za ku China zadzaza pa msewu wa N1, achinyamata akusiya Polo. Geely yomweyo, itasowa zaka zambiri, yabwereranso kumapeto kwa 2025. Zaka zisanu zikubwerazi zimenezi zidzakhala za kaunjika, ndipo mudzaziona zikudutsa pa Mwanza ndi pa Dedza.

Gondwe wa Sienta: Zikadzafika tidzazigulitsa, ine sindidakwatire Japan. Koma ndidzayamba ndaona imodzi itayenda makilomita 300,000 pa msewu wa ku Ntchisi nthawi ya mvula. Toyota mayeso amenewo idakhoza kale. Sikirini yaikulu pa dashibodi siikutulutsa m'matope.

Malume a Garaji Ndirande: Ndipo za kompyuta zimenezo ndi zomwe zikundisowetsa tulo. Galimoto za masiku ano ukangotsegula boneti umapeza pulasitiki yokhayokha, vuto lililonse mpaka ulumikize makina. Anyamata anga awiri ndawauza kuti aphunzire za magetsi a galimoto, chifukwa sipanala yokha sidzawadyetsa. Kaya ndi Geely kaya ndi chiyani, zikadzafika zidzafera pakhomo pathu pomwe pano.

Aphunzitsi Opuma Zomba: A Tadala, kafunso kakang'ono. Munthu uja amanenabe za masofa awiri?

Tadala Hangzhou: Aphunzitsi, tsopano ali ndi kampani yotchedwa Geespace yomwe yaponya masetilaiti mumlengalenga kuti azilondolera galimoto. Masofa aja akuyang'aniridwa kuchokera kumwamba.

Kabaza Original: Ine ndatsala pati kodi, njinga yanga ngakhale geji ya mafuta sigwira

Chisale wa ku Midrand: Chabwino akuluakulu, zikomo nonse. Loweruka ndikupitabe kukaiona. Koma Malume mwandiopseza ndi nkhuku zija. Disembala ndimafuna ndibwere nayo kumudzi ku Ntcheu.

Malume a Garaji Ndirande: Bwerani nayo mwana wanga, kuno si kuthengo. Koma musanatuluke mu Joni mugule mafyuluta a oyilo awiri, ya mafuta imodzi, mabuleki padi a kutsogolo ndi lamba wa injini, muike m'buti pansi pa zovala za ana. Mundiuzenso nambala ya tchesisi, pali mnyamata wina ku Ginnery Corner ali ndi makina owerengera galimoto za ku Ulaya, ndimufunse ngati imeneyo amaitha.